Sikelo ya pa Kamwendo

Ndimagula zitsulo zakutha pa Kamwendo,
kuseri kwa chigayo,
pomwe msewu wa ku Kapiri umapatukira.
Makasu osweka, mafelemu a njinga, mapoto obooka,
chilichonse chimakwera pa sikelo yanga
n'kutsika ndi mtengo wake.

Dzulo Mwayiwawo, mwana wanga wa kusekondale,
akuchapa yunifomu, anati,
"Ababa, kumwamba nakonso kwadzaza zitsulo."
Ndinaseka mpaka chinangwa kunditsamwa.

Iye sanaseke.

Akuti makina amene anthu anaponya kuseri kwa mitambo
amafa ngati mabatire a wailesi,
ndipo akafa palibe wokumba manda.
Amangozungulira.
Mabawuti, zibenthu, makoko a penti,
liwiro loposa chipolopolo.
Zikagundana zimasweka,
zikasweka zimaswana,
chimodzi kubala zana
monga anankafumbwe m'thumba la chimanga.

Usiku magetsi atazima ndinatuluka ndi mpando.
Kanyenyezi kena kosaphethira
kanatulukira cha ku Zambia,
kudutsa malire popanda chiphaso,
kuwoloka mapiri a Mchinji mwakachetechete.
Ndinakafunsa: uli moyo, kapena ndiwe mtembo
umene abale anausiya panjira?

Ine khalidwe la chitsulo chotayidwa ndikulidziwa.
Sichiiwala.
Chimagona m'udzu zaka zisanu kudikira phazi.
Chipsera chili pachidendene changachi
ndi msomali umene wina anati ndi waung'ono,
sungapweteke munthu.

Make Mwayiwawo sabzala soya
asanamve za mvula pa foni.
Akuti uthengawo umadzera komweko,
pakati pa zinyalala zothamangazo,
ngati wa kabaza wodutsa pamsika tsiku la Lachitatu
mabuleki atatha.
Tsiku lina adzagundidwa.
Ife amene sitinaponyeko ngakhale waya
tidzayang'ana foni yakuti zii
mbewu zili m'manja.

Amene anadya nzimbe
makoko anasiya pabwalo la tonse,
ndipo tsache lofika kumeneko
sindinalione mugolosale iliyonse.

M'mawa uno ndapachika sikelo pa mtengo wa mango.
Muvi wake waloza pa ziro.
Ndayang'ana kumwamba: mbee, ngati kulibe mlandu,
katundu yense uja wopanda womuyeza.

Kenako kwabwera kamnyamata
ndi theka la khasu m'manja.
Ndaliyeza, ndamupatsa zake,
ndaliponya pamulu.
Limeneli lokha lafika pansi.