Kutsika Chowe

Ine ndili m'lole yakumbuyo,
yakufayo.
Injini inatsamwa dzana pa Namwera
titangotsitsa simenti,
ndiye lero Che Milanzi aikolowekera kwa inzake
ndi chitsulo chotalika ngati misi iwiri.

Zonsezi zinali za asilikali.
Pa zitseko pakuonekabe manambala
amene penti yathu inakanika kumeza.
Anazigula tsiku limodzi pa okushoni,
ndipo akuti kale zinkakoka mizinga.
Lero zikukokana zokha.

Mabuleki anga amafuna mpweya,
mpweya umafuna injini,
injini sikufunanso kanthu.
Ndatsala ndi chiwongolero chouma gwa
ndi msana wa lole ya Che Milanzi
wotseka galasi lonse.
Msewu ndikuumva m'mano.

Pokhota paliponse chitsulo chikulira, khu!
ndipo ndikudziwa kuti ndikukankha
munthu amene akundithandiza.
Sumani akuyenda m'mbali, mwala paphewa,
maso pa tayala.
Anyani akhala pa thanthwe, sakuthawa n'komwe,
liwiro ngati ili saliwerengera.

Kumanzere sindikuyang'anako.
Akuti kumaoneka chigwa chonse, kokongola.
Aone ena.

Pa mlatho wa Shire akabaza akutipitirira
akuimba mabelu, wina akufunsa
ngati maliro ake ndi a lero.

Tafika pa galaja dzuwa lili paliwombo.
Zala zanga zakana kutambasuka.
Che Milanzi atsika, malaya ali chonyowa,
agwira chitsulo chija, achotsa dzanja msanga.
"Iwe Dinala, umandikankhiranji njira yonse?"
Ndati si ine,
ndi phiri.