Utoto Wofiira

Ku Umeå dzuwa lalowa 2 koloko masana.
Gunvor watsala yekha m'labotale
ndi timbewu take pansi pa nyali zosagona.

M'katsamba kochepa ngati chikhadabo,
mkati mwa kuloroplasiti,
mlonda amangokhudza nsonga ya puloteni.
Safunsa zaka, safunsa ntchito.
Chilembo choyamba chikati zatha, basi:
kokerani kuchigayo, nyenyani,
zidutswa zikamangire zatsopano.

Bambo ake ankatero m'nkhalango ya paini,
chitini cha utoto wofiira m'manja,
kadontho pakhungwa, n'kudutsa.
Macheka ankabwera Lolemba.

Dzulo kuchipatala
anawamanga kalamba ka pulasitiki pamkono.
Gunvor anakatembenuza kawiri konse
kuwerenga chilembo choyamba.

Wathirira mbewu.
Panja chipale chikugwa, chete.