Khonde la Muwanga ku Nyambadwe

Matabwa anafika Lachiwiri pa lole ya mchenga,
makumi asanu ndi atatu, muwanga wokhawokha,
lililonse lofuna mapewa awiri.
Woyendetsa anati achokera kuseri kwa Mwanza.
Kuseri kwake kuti? Anangoseka, napempha madzi akumwa.

Mayi Nantchengwa akufuna khonde loyang'ana ku Ndirande,
poti amuna awo, chidwalireni sitiroko,
azikhalapo m'mawa pa chikuku chawo
osamva kuzizira kwa simenti.
Anati: A Makwinja, ndikufuna mtengo woti chiswe chikaluma
chikadandaule kwa amake.

Muwanga sulola msomali.
Jafali, mnyamata wanga, sanandimvere.
Woyamba unapindika ngati mbedza,
wachiwiri unathawira m'maluwa,
wachitatu unang'amba thabwa kumapeto.
Ndinati: Uyu salamulidwa, umayamba wapempha.
Boola kaye, pang'onopang'ono,
chiboolera uzichitulutsa chipume, chingapse,
kenako sikuluwu ilowe ngati mlendo woyamba ndi odi.
Pofika Lachisanu tinali titathyola zoboolera zinayi,
sowo yanga mano ali gwaa, osalumanso.

Pakati pa thabwa ndi linzake timasiya mpata
wokwana msomali woimika.
Jafali anati tikuwononga malo.
Dikira chiperoni, ndinatero,
kamvula kaja kosadziwa kutsanzika:
thabwa limamwa, limafufuma, limafuna potambasulira.
Dzuwa la Okutobala likaswa mtengo limabwerera mwakale.
Ukawapanikiza amakankhana usiku
mpaka limodzi lidzuke.
Ndinaziona kwathu,
tikugona asanu ndi awiri pa mphasa imodzi.

Masana, chinangwa kudzanja,
ndinatola kachidutswa n'kuwerenga mizere ya kumapeto kwake.
Ndinalekera pa makumi anayi,
poti chinatha ndi chidutswa, osati zaka.
Bambo anga ankacheka mitengo yotere ku Neno,
mnzawo pamwamba, iwo m'dzenje,
utuchi ukuwagwera m'maso tsiku lonse.
Ankati muwanga ukaugwetsa, uuuze dzina lako.
Uwu sindinagwetse ine. Ndikungoyala.
Komabe Jafali atapita kumpopi
ndinawerama n'kunong'ona: Makwinja, wa ku Chilobwe.

Ndikadzutsa mutu, Ndirande uyo,
wometedwa mpala, miyala ili mbee.
Ndili mwana, m'phirimo munkada masanasana.
Ndiye taonani ntchito yanga:
kutenga nkhalango yakutali,
kuigoneka chagada, kuisalaza ndi pulena,
kuti munthu akhalepo
aziyang'ana phiri lopanda nkhalango.
Mayi sindinawauze zimenezi.
Sukulu atsegulira Lolemba, fizi sinakwane.

Tsiku lomaliza tinapaka mafuta ndi nsanza,
matabwa anada n'kuwala
ngati msana wa mwana wongosamba kumene.
Ndinawachenjeza: Dzuwa lidzawameretsa imvi.
Mukafuna muziwadzoza chaka ndi chaka.
Mukaleka sadzawola, adzangokalamba.

Kenako anawatulutsa bambo aja.
Mateyala a chikuku ankati gu, gu, gu,
kuwerenga mipata yanga umodziumodzi.
Pakati pa khonde anakweza dzanja lamoyolo, tinaima.
Anavula silipasi ndi chala cha phazi,
naponda thabwa ndi phazi losavala,
nthawi yaitali.
Pakamwa panagwedera, mawu anavuta,
kenako limodzi linatuluka lopindika ngati msomali wa Jafali:
Kufunda.

Zidutswa ndinazilonga m'thumba la feteleza.
Kondakitala wa minibasi anati katunduyu alipire ngati munthu,
sindinakangane naye.
Kunyumba mkazi wanga anati nkhuni zabwera,
moto wa muwanga suzima msanga,
nyemba zipsa lero lomwe.
Ndinamupatsa zonse kupatula kamodzi,
kaja ka mizere makumi anayi.
Ndinakaika pansi pa mwendo wa bedi
umene wakhala ukugwedera
chibadwireni mwana wathu wachiwiri.