Bowo la Pakati

Linatuluka m'belo la salaula ku Soweto,
pansi pa majekete onunkha sitima,
bulangeti lolemera, lofiira ngati katondo mvula itakata,
pakati pake pali bowo.

Ndinati ndi lobooka, ndinatsitsa mtengo.
Analitenga a Nyendwa, mlonda wa ku Kamwala,
makwacha makumi atatu, theka ngongole.
Juni yense ankapisa mutu pabowopo,
mphepo ya mumsewu wa Kafue n'kumabwerera manja lende.

Tsiku lina mayi wa ku Kabulonga anaimika galimoto pageti,
nagwira mphonje ndi zala ziwiri,
kuwerenga ulusi ngati ndalama.
Akuti ndi la ku Mexico,
linawombedwa pamanja njanji isanafike kuno.
Akuti kufiiraku ndi tizilombo touma tosinja.
Akuti bowolo si ngozi,
mmisiri analisiya dala.

A Nyendwa anagula malata khumi ndi awiri.
Ngongole yanga anaiwala.

Wosesa m'nyumbamo ndi mlamu wanga.
Akuti lili kuseri kwa galasi tsopano,
dzuwa sililiona, njenjete imangolinyala,
wolikhudza ayambe wavala magolovesi oyera.

Ine ndikamapinda makaputula madzulo
ndimaganiza za wowomba uja,
yemwe anayeza bowo ndi khosi la munthu wozizidwa.

Juni wabweranso.
A Nyendwa akuwotha katoni pambaula,
ndipo bowo lija lili pakhoma ku Kabulonga,
kukamwa yasa,
likudikira mutu.