Ku Chiyembekezero

Anati ndibwere msanga,
mvula isanadule msewu wa ku Makanjira.
Ndinakwera lole ya matumba a usipa,
chitenje chimodzi m'chiuno, zitatu m'beseni,
lezala, ulusi, kandulo,
ndi kabuku ka sikelo
kamene anamwino akakatsegula amayamba akhala chete.

Chaka chatha, mwezi ngati uno,
amayi anayi anamukulunga m'kansalu
n'kutsika naye kudambo kusanache.
Anati mtayo salira,
ungatseke njira ya wobwera m'mbuyo.
Sindinalire.
Misozi ija inangotsikira m'kati,
ndiyo ikuwira tsopano
magetsi akathima pachipatala cha Mangochi
jenereta n'kumatsokomola kuseri kwa fiyeta.

Mantha anayala mphasa yawo pafupi ndi yanga.
Sadya, sapita kokasamba.
Kangolo kakadutsa m'khonde
amandikodola kuti ndione ngati nsalu yafika kumutu.
Amati Fanuwelo ali ku Joni,
foni yake ikungolira yokha m'thumba la wina,
ukakomoka adzasaina ndani?
Ndimatembenukira kukhoma.
Nako ndimawapeza.

Abiti Ajusa wa ku Katuli, mimba yachisanu,
amadzuka mzikiti ukaitana m'bandakucha.
Akatha zake amandisendera bango ndi mano
n'kunena kuti idya, mlongo,
amene anakuika kuno sanapite kokagona.
Ine wa Chigwirizano,
wa bulauzi yoyera yosita ndi makala,
pemphero linandiuma kukhosi ngati gaga.
Ndinkangofika pa Atate, n'kuthera pomwepo.

Lachinayi kunabwera amayi a mpingo wa ku Mpondasi
ndi sopo wodula pakati, shuga wa m'timapepala,
ndi ana oti atichitire sewero la Khirisimasi.
Yosefe anali ndi chimfine.
Nkhosa zinayambana polimbirana malo.
Mngelo, kamnyamata kothothoka mano akutsogolo,
kanavala neti ya udzudzu yobooka paphewa,
kanakweza manja, mawu onse n'kukathawa
kupatula oyamba aja, oletsa kuopa.
Kanawanena. Kanayang'ana aphunzitsi.
Kanawanenanso, mokuwa,
ndipo poti Mariya anali atabisala kumbuyo kwa amake,
kanawanena kachitatu kakuyang'ana ine.

Khonde lonse linafa nacho chiseko.
Ndinaseka mpaka chitenje kumasuka,
kenaka sikunalinso kuseka.
Ya chaka chatha ija inapeza potulukira,
ndipo palibe anati leka.
M'katimu wina anaponda kawiri pansi pa nthiti
ngati akugogoda kwawo.

Usiku umenewo ndinaganiza za mtsikana uja,
osati wa pachithunzi wosalala masaya,
koma wotupa mapazi ndi ulendo,
kutali ndi amake, wopanda beseni,
wopanda womuuza kuti kankha,
mphuno zodzaza ndi fungo la ndowe.
Ndinati, Inu amene munalenga Shire ndi mapiri a Namizimu
munalola kudutsa pa khomo lopapatiza lomweli,
mutu wonyowa, mchombo wofuna lezala.
Ndiye kuti njirayi mukuidziwa.
Ndiye kuti kudambo kuja
simunafunse munthu kuti kagona pati.

Sindinapemphe chizindikiro.
Sindinalonjeze nkhuku kapena chakhumi.
Ndinangomaliza pemphero lija mpaka pa Ameni,
mvula ikuyamba kumenya malata.

Lero ndi pa 24.
Kumsika akuti mpunga wakwera,
akabaza akuwoloka mlatho ndi mbuzi zomangidwa pakaliyala.
Msana wayamba kundiluma cha m'ma folo,
nsupa yasweka ndikuchokera kumpopi.
Mantha adzuka nawo, akupinda mphasa,
ndawauza kuti bwerani ngati mukufuna,
koma muyende m'mbuyo,
kutsogolo kuli kale wina.

Abiti Ajusa wasenza beseni langa.
Khonde ndi lalitali, simenti yozizira,
ndikuima pa mzati uliwonse kupuma.
Kandulo ndaigwira ndekha.