Kuwerenga Kuwiri

Khonsolo inandituma Lolemba, kachitsulo m'manja,
kodina ndi chala chachikulu:
munthu akalowa, tcha; wina akalowa, tcha.
Anati, pita ku laibulale ya kumtunda kwa chigwa,
kuja migodi ya malasha inatsekedwa usanabadwe,
ukawerenge anthu masiku khumi.
Nambala ikachepa, titseka. Mawu amenewo sanawatchule,
koma anali m'chipindamo ngati fungo la penti.

Ku Wales mvula sigogoda.
Ndinakhala pakhomo, pambali pa ndowa yolandira madontho
a denga limene bajeti yalilumpha zaka zitatu.
Mayi Glenys Probert anandipatsa mpando wa ana, wofiira,
mawondo anga kufika m'chibwano.
Anati, inayo ili ndi eni ake.

Tcha. Bambo Emrys, mapapo odzaza fumbi la pansi pa nthaka,
amafika naini koloko chifukwa kwawo
chotenthetsera nyumba chimadya penshoni.
Amatsegula nyuzipepala n'kugona patsamba la maliro.
Ndiwalembe kuti ndani? Buku sanabwerekepo chiyambire.
Tcha. Mtsikana wa jekete yachikasu, akudzaza fomu ya ntchito
pakompyuta imene imafa ikafika tsamba lachinayi.
Tcha, tcha, tcha: ana atatu a Mayi Farah, nsapato zili chonyowa,
wamng'onoyo akufuna buku lomwe lija la anamgumi,
lomatidwa kasanu kumsana ndi tepi.
Anatuluka kukapirikitsa galu, nabweranso.
Ndidine kawiri? Lamulo silinanene.
Ndinadina.

Lachinayi kunabwera anthu khumi ndi anayi basi.
Chala chinandiyabwa.
Mayi Glenys anaona, napukusa mutu: Iyayi, mwanawe,
bodza likalowa m'lipoti adzaligwira, nadzaliyesa la tonsefe.
Kenaka anapita kukathandiza mkulu wina kalata ya kuchipatala,
liwu limodzi limodzi, chala pansi pa mzere,
mphindi makumi anayi.
Pa kachitsulo kanga: mmodzi.

Msonkhano unali usiku, m'holo ya khonsolo, mipando ya pulasitiki.
Khansala Treharne si munthu woipa, ndinene zoona.
Anali ndi mapepala atatu patebulo:
nyumba ya okalamba, basi ya ana olumala, ndi ife.
Ndati ife? Ndi laibulale.
Bulangete ndi limodzi, anatero,
mukafunda kumutu, mapazi ali pamtunda.
Ndinaimirira n'kutchula nambala yanga:
mazana atatu, makumi asanu ndi limodzi, kudza awiri.
Inamveka yowonda m'holo yaikulu ija.
Ndinafuna kuwonjezera za anamgumi, za tsamba lachinayi,
koma fomu inali ndi bokosi limodzi,
ndipo ndinali nditalidzaza kale.

Anavota. Manja asanu ndi awiri mbali iyi, asanu mbali inayo.
Sanatseke. Anangodula:
masiku atatu pa sabata, Mayi Glenys theka la malipiro,
zotsalazo agwire odzipereka,
denga lidikire chaka chamawa.
Ena anaomba m'manja, akuyang'anana,
osadziwa ngati apambana.

Kachitsulo ndinakabweza ku ofesi, nambala itabwerera pa ziro.
Loweruka ndinakwera basi yomwe ija, popanda wondituma.
Pachitseko panali pepala latsopano la maola, m'zinenero ziwiri.
Bambo Emrys analiwerenga kawiri,
kenaka nawerenga pazala masiku amene azikhala kwawo
atavala jasi m'nyumba.
Ndowa inali itadzaza. Ndinakataya madziwo panja,
ndipo polowanso palibe amene anadina kanthu.

Mayi Glenys anandipatsa khadi, nati lemba dzina apa,
mpando wako uja ulipo.
Koma wamng'ono wa Mayi Farah anali atakhalapo kale,
anamgumi ali pamiyendo,
akundikodola kuti ndimuwerengere.