Fa Wapakati

Ndinaigula ku Zobwe, kuseri kwa malole oyembekeza pachipata,
ndi ndalama za matumba asanu a kachewere.
Wogulitsa analumbira kuti kiyibodiyo ndi yatsopano,
koma kunsi kwake wina anazokota ndi msomali: Tomé.
Tomé sindimudziwa.

Mu shapa yobwerera ku Ulongwe ndinaigoneka pamiyendo
ngati mwana wodwala malungo,
aliyense wokwera ndikumuchenjeza ndi maso.

Dzina lake likufanana ndi la zodula zija,
chasiyana ndi chilembo chimodzi basi.
Mabatani amalonjeza mawu zana,
lipenga, gitala, chitoliro, ngakhale mbalame,
koma onsewo amatulukira m'mphuno imodzi
ngati munthu wachimfine akuyeserera abale ake.

Adaputa yake imafuna kunyengerera.
Ndimaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga
n'kutsamiritsa kamwala;
wina akayetsemula pafupi, nyimbo yafa.
Magetsi akathawa ndimathira mabatire,
amaimba ola limodzi, kenako mawu amayamba kudzandira
ngati wochokera ku kachasu wa ku Domwe.

Delifina amati ndinamubweretsera mkazi mnzake.
Amanena zimenezo akupukuta fumbi pa makiyi
ndi nsonga ya chitenje chake.

Mvula itangoyamba, Fa wapakati anatseka pakamwa.
Ndinamudina, ndinamugogoda, ndinamuuzira mpweya,
ndinamudonthezera sipiliti. Zii.
Ndiye ndinaphunzira kumulumpha
monga oyendetsa njinga amalumphira dzenje la pamlatho,
ndipo kukwaya, pamene pali dzenjelo,
mayi Felizarda ankaikapo mawu awo
popanda wowauza.
Chaka chathunthu tinaimba choncho,
ine ndikusiya khomo, iwo akulowa.

Nditagulitsa nyemba ndinapita nayo kwa a Jerevaziyo,
okonza mawailesi pakhonde la sitolo ya feteleza.
Anamasula masikuluwu khumi ndi awiri,
atatu anali a mtundu wina.
"Muno munalowa kale munthu," anatero.
Ndinati ndi Tomé.

M'kati munali mazira a mphemvu,
chikhomo cha tsitsi, khoko la mtedza,
ndi kabolodi kobiriwira kosaposa chikhatho changa.
Kwina konseko ndi mphepo yokhayokha.
Matumba asanu a kachewere!

Kamphira ka pansi pa Fa kanali katang'ambika.
"Kotere simungakapeze, ngakhale mutapita ku Tete.
Koma kiyi yomalizira kumtunda uku,
munayamba mwaikhudzapo?"
Ndinapukusa mutu.
Anadula kamphira kake ndi lezala,
nakasamutsira pakati,
napaka pensulo pa kadontho kakuda,
lilime ali nalo panja ngati mwana wa sukulu.
Ndinalipira mametikali mazana awiri.
Sikuluwu imodzi inatsala m'mbale, tonse tinangoiyang'ana.

Lamlungu Fa analira,
mokweza kuposa anzake onse,
ngati wobwera ku Joni ndi nsapato zatsopano.
Mayi Felizarda anali atakoka kale mpweya.
Anatsegula pakamwa, napeza pamalo pawo pali mwini.
Anandiyang'ana kamodzi kokha,
kenako anayang'ana m'buku
ngakhale nyimboyo amaidziwa kuyambira ali mtsikana.

Pa ndime yachiwiri chala changa chinalumpha chokha.
Sindinachiletse.
Pa yachitatu ndinalumpha dala.

A Jerevaziyo akandiona pamsika amafuula,
"Ikulira?"
Ndimati ikulira, ndipo si bodza.
Usiku, Delifina akagona, ndimatsitsa mawu
mpaka kufanana ndi udzudzu,
ndimadina Fa kawiri katatu kuti ndalama yanga ndiimveko,
kenako ndimatambasula dzanja mpaka kumapeto,
pa kiyi ija sindinailizepo ili ndi mawu.
Imatsika bwinobwino, imabwerera bwinobwino.
Ndimamva kugogoda kwa pulasitiki basi.